Tsiku limene ndidaliza belu

Ana inu, nkhani iyi ndi yaitali. Simungathe kuiwerenga nokha tsopano. Pemphani amayi, abambo, acemwali kapena acimwene kuti akuwerengereni madzulo, mutatha kudya. Inu makolo, nkhaniyi ndi yanunso. Ndi nkhani ya foni yanga, ya kamtsinje ka kwathu, ndiponso ya colakwa cimene ndidacita ine mphunzitsi wa ana anu.

Ine ndimaphunzitsa kalasi yoyamba pa sukulu ya kumudzi, m'boma la Angonia. Nchito ya uphunzitsi ndidaiphunzira ku Ulongwe. Ndidayamba kuphunzitsa mu Fevereiro 2023, ndili ndi zaka 22. Sukulu yathu ili pamtunda. Kumunsi kwake kuli dambo, ndipo pakati pa dambolo pamadutsa kamtsinje. M'cilimwe kamtsinjeko ndi kofatsa, ngakhale mwana wa mbuzi amangolumpha. M'dzinja timaoloka pa ulalo wa mitengo iwiri ya bulugamu. Ana ena a m'kalasi mwanga amakhala tsidya lino. Ena amakhala tsidya lija, ndipo amaoloka ulalowo kawiri pa tsiku.

Belu la sukulu yathu ndi citsulo ca gudumu la galimoto. Cidapacikidwa pa mtengo wa mkuyu. Ukacimenya ndi nyundo m'mawa, cimamveka mpaka tsidya lija. Woliza beluyo ndine, cifukwa ndimagona m'kanyumba ka pasukulu pomwepo. Akulu a sukulu amakhala kutali, kufupi ndi msika, ndipo amabwera pa njinga yamoto.

Ndili ndi foni yaikulu ya galasi, yoyendetsa ndi cala. Masiku amenewo ndinkaikonda ngati mwana wacisamba. Koma idali ndi khalidwe limodzi loipa, kulongolola. Usana ndi usiku, ti-ti! ti-ti! Uthenga wina ukuti gulani nyimbo. Wina ukuti gulani mamega. Wina, wa akuba, ukuti tumizani ndalama ija pa nambala iyi. Ndidatopa nazo. Mnzanga wina adandionetsa kacizindikiro kooneka ngati mwezi wongokhala kumene. Pansi pake padalembedwa m'Cipwitikizi kuti Não incomodar, ndiko kuti musandisokoneze. Ndidadina pamenepo. Kucokera tsiku limenelo foni idakhala cete, ine ndikumagona tulo tabwino. Ndinkadziyesa wocenjera.

Mwezi wa Março udafika, tikudya dowe ndi nkhwani. Pa wailesi ankanena za namondwe, dzina lake Freddy. Namondwe ndi mphepo yaikulu yozungulira. Amabadwira pa nyanja yamcere pamene madzi atentha, ndipo amanyamula mvula yambiri. Freddy adabadwira kutali, kufupi ndi dziko la Australia. Adaoloka nyanja yonse ya India, napyola pa cilumba ca Madagascar, nalowa m'dziko lathu ca ku Vilankulo pa 24 Fevereiro. Kenaka adabwerera ku nyanja. Anthu adati wapita. Koma adabweranso, nalowa kaciwiri pafupi ndi Quelimane usiku wa Loweruka, pa 11 Março. Adakhala ndi moyo masiku 36, ndipo akatswiri a zanyengo adati adali asanaonepo namondwe wokhalitsa cotero.

Ine ndinkati mumtima, Quelimane ndi kutali, ife tili kumapiri, nyanja sitiidziwa. Ndidaiwala za Janeiro 2022. Caka cimeneco namondwe wina, Ana, adalowera ku Nampula, komabe adadzaza mtsinje wa Revubue mpaka mlatho wa pakati pa Tete ndi Moatize udaduka. Madzi a Revubue amacokera kuno kumapiri kwathu. Mphepo ya namondwe imafooka ikafika kumtunda, koma mvula yake imayenda ulendo wautali.

Lamulungu kudagwa mvumbi tsiku lonse. Dzuwa silidatuluke. Kasola kanga ka padenga sikadapereke moto, ndipo bateriya ya foni idatsala pang'ono kutha. Madzulo ndidazima foniyo kuti ndisunge moto wotsalawo. Kunena zoona, ndinkausungira kuti mawa ndiceze ndi anzanga pa WhatsApp. Ndidaika foni pansi pa pilo, ndikugona.

Lolemba m'mawa mvula idalekeza pang'ono. Ndidadzuka, ndidasamba, ndidatenga nyundo. Sindidapite kukaona mtsinje. Sindidayatse foni. Ndidamenya belu mwamphamvu, monga mwa masiku onse: ngo! ngo! ngo!

Mwana wabwino akamva belu amabwera. Ana a tsidya lino adabwera ocepa, cifukwa makolo ao adawaletsa. Koma a tsidya lija adabwera 9, atafunda matumba a feteleza kumutu. Mmodzi adati, "Aphunzitsi, madzi akunyambita ulalo." Ine ndidangoti, "Khalani pansi, tiyambe." Tsiku limenelo tinkaphunzira lembo la m: mayi, mano, moto.

Ca m'ma 9 koloko mvula idayambanso, yamphamvu tsopano. Pa malata padacita phokoso mpaka sitinkamvana. Akulu a sukulu sadafike. Aphunzitsi anzanga sadafike. Pamenepo ndidakumbuka foni. Ndidaiyatsa. Sidalire, cifukwa ka mwezi kaja kadali koyaka, koma pagalasi padatuluka mauthenga ambiri. Akulu a sukulu adali atandiimbira katatu usiku. Adali atanditumiziranso cenjezo la a INAM, amene amaona zanyengo m'dziko lathu, lonena za mvula yamphamvu m'cigawo ca Tete. Pansi pake adalemba okha kuti, "Aphunzitsi, mawa musalize belu. Ana akhale kunyumba."

Uthengawo udagona pansi pa mutu wanga usiku wonse.

Ndidasiya ana m'manja mwa amayi ena oyandikana ndi sukulu, ndikuthamangira ku dambo. Kamtsinje kaja sikadalinso kamtsinje. Madzi adali ofiira, othamanga, atasenza mapesi, nzimbe ndi nthambi. Ulalo sunkaoneka. Miyendo yanga idaguluka. Ana 9 adali ataponda pamenepo maola awiri apitawo, cifukwa ca nyundo yanga.

Nditabwerera m'kalasi ndidawauza kuti lero palibe woweruka kupita tsidya lija. Kamnyamata kena kadaimirira. Kadati, "Ine ndimadziwa kusambira." Ndidati, "Khala pansi, mwanawe." Ana inu, mverani bwino apa. Madzi othamanga, ngakhale angopyola pang'ono akakolo, angathe kugwetsa munthu wamkulu. Wodziwa kusambira padziwe sadziwa kusambira m'madzi osefukira. Pansi pake pamayenda miyala ndi zitsa zosaoneka.

Kenaka kamtsikana kakang'ono pa onse kadayamba kulira. Ndidagwada pafupi nako. Kadati, "Aphunzitsi, agogo abwera kudzanditenga. Ikagwa mvula amabwera nthawi zonse." Ndinkawadziwa agogowo. Ndi okalamba, amayenda ndi ndodo, ndipo mdzukulu ameneyu ndiye diso lao. Ndidadziwa kuti sadzaima pa gombe. Adzalowa m'madzi.

"Agogo ali ndi foni?"

"Inde, ya mabatani."

Nambala yao ndidalibe. Ndidali nditaphunzitsa ana amenewa milungu 6, koma ndidalibe nambala ya kholo ndi limodzi lomwe. M'foni mwanga mudali nyimbo ndi zithunzi za anzanga. Ndidacita manyazi.

Koma kamtsikanako kadapukuta misozi, nikayamba kuimba. Amayi ake amagwira nchito ku Tete. Asanacoke adamuphunzitsa nambala ya agogo ngati nyimbo, kuti akasocera auze anthu. Mwanayo sankadziwa kulemba 8 kapena 6, koma manambala onse 9 adawaimba bwino, m'Cipwitikizi, mmodzi ndi mmodzi. Ine ndinkalemba ndi coko pa bolodi.

Ndidaimba. Foni sidalowe. Ndidaimbanso. Sidalowe. Kwathu rede ndi yobvuta. Malire ali pafupi, motero nthawi zina foni imasiya rede ya kuno nigwira ya ku Malawi. Malo odalirika ndi amodzi okha, pa culu ca kuseri kwa sukulu. Ndidakwera pa culu, mvula ikundikwapula, foni ili m'kapulasitiki ka shuga. Kandodo ka rede kadaoneka kamodzi. Ndidaimba, idalira, koma palibe adayankha. Moto udatsala 6 pa 100. Tsono ndidalemba uthenga wa SMS, cifukwa uthenga wotere ndi wopepuka, umadutsa ngakhale pamene mau akukanika. Ndidalemba m'Cinyanja: "Agogo, ndine mphunzitsi. Ana onse 9 ali bwino, ali ndi ine pasukulu. Musaoloke. Uzani makolo ena."

Ndidakaitana anyakwawa a tsidya lino, ndipo tidatsikira limodzi ku dambo. Agogo aja adali atafika kale tsidya linalo. Adali atakwinya nsalu mpaka m'maondo, akuyesa madzi ndi ndodo. Tidafuula, "Agogo, bwererani! Ana ali bwino!" Koma mkokomo wa madzi udameza mau athu. Iwo ankationa tikukupiza manja, nayesa kuti tikuwaitana. Adaponda phazi limodzi m'madzi.

Pamenepo tidaona mnyamata akutsika phiri ndi liwiro, dzanja lili m'mwamba. Adali mdzukulu wao wina, wa kalasi ya 6, amene amalowa sukulu masana. Agogo adali atasiya foni kunyumba poopa kuti inyowa. Mnyamatayo adaimva ikulira, nawerenga uthenga, nathamanga. Adawagwira dzanja agogo ake. Tidamuona akuwaonetsa foni, akulankhula, akuloza ku sukulu. Agogo adaima nthawi yaitali. Kenaka adabweza phazi lija.

Madzulo a tsiku lomwelo madzi adakokolola mtengo umodzi wa ulalo.

Ana 9 aja adagona tsidya lino masiku awiri. Amayi a kuno adawagawana, uyu awiri, uyu atatu. Adawaphikira nsima ya nkhwani, nawaochera dowe. Anawo adakondwa, ankayesa ndi phwando. Ine sindidagone. Ife sitidaone zoopsa zimene adaona anzathu a ku Zambezia, kapena abale athu a kum'mwera kwa Malawi. Kumeneko matope adatsika m'mapiri, nakwirira nyumba, ndipo anthu oposa 1000 adafa kapena kusowa. Ife kwathu kudangodzaza kamtsinje kamodzi. Koma kamtsinje kamodziko kakadakwana.

Lacitatu madzi adatsika, ndipo abambo adaolotsa ana pamapewa. Agogo aja adabwera okha kudzationa. Ndidawapepesa. Iwo adati, "Mwanangu, usadzipweteke mtima. Inenso uthenga udandipeza." Adamasula mfundo ya nsalu, natulutsa foni yao. Mudali cenjezo lomwe lija. Mwana wao wa ku Tete adawatumizira Loweruka, monga m'mene lidalembedwera, m'Cipwitikizi. Agogo adati, "Ndidamva kulira, koma ndidayesa ndi aja otsatsa malonda. Ndikadadziwa, mwana uyu sakadatuluka m'nyumba, ngakhale iwe ukadaliza belu kakhumi."

Motero cenjezo lidafika pa nyumba ziwiri nthawi yabwino. Pa nyumba ina lidapeza foni yozima. Pa nyumba inayo lidapeza munthu wosamva cilankhulo cake. Amene adapulumutsa agogo ndi ana awiri: wina woloweza manambala, wina wodziwa kuwerenga.

Akulu a sukulu atafika sadandikalipire. Adangoti, "Aphunzitsi, bweretsani foni yanu." Tidakhala pa benci, ndipo adandionetsa zinthu zimene zidali m'foni mwanga momwemo, ine osazidziwa. Makolo amene muli ndi foni yaikulu, izi ndi zanu. Mafoni amasiyana, ndipo mau angasinthe pang'ono, koma funani pa kacizindikiro ka gudumu la mano, polembedwa Definições.

Tidayamba ndi ka mwezi kaja. Sikoipa ai. Koma mkati mwake muli malo osankha anthu amene foni iyenera kulira akaimba, ngakhale usiku. Pa maina a anthu otere mumaika kanyenyezi. Ine ndidaika kanyenyezi pa akulu a sukulu, pa anyakwawa a mbali zonse ziwiri, pa anamwino a ku cipatala cathu caching'ono, ndi pa amayi anga. Mulinso posankha kuti munthu aliyense akaimba kawiri motsatizana, foni ilire. Munthu woimba kawiri pakati pa usiku sakufuna kungopereka moni. M'miyezi ya mvula ka mweziko sindikayatsa n'komwe. Ndi bwino kudzutsidwa ndi otsatsa nyimbo.

Kenaka adatsegula polembedwa Segurança e emergência, ndiko kuti citetezo ndi ngozi. Mumenemo muli Alertas de emergência, macenjezo a ngozi. Adati, "Apa pakhale poyaka nthawi zonse. Sipadya kredito, ndipo moto wake ndi wosaoneka." Mumenemonso mungalembe dzina la munthu woti aimbiridwe mukagwa m'ngozi, ndi matenda amene muli nao, monga khunyu kapena shuga. Zimenezi munthu wokutolani panjira angathe kuziona ngakhale foni ili yokhoma. Amangodina pa mau akuti Emergência pagalasi. Ndidalemba dzina la acimwene anga.

Mafoni ambiri atsopano ali ndi cinanso. Mukadina batani la pambali kasanu mofulumira, foni imawerenga masekondi pang'ono, kenaka imaimba yokha nambala ya ngozi, monga 112. Kuimba nambala ya ngozi sikufuna kredito. Mungathenso kuikonza kuti itumize uthenga kwa abale anu, ndi kuwauza malo amene muli. Ana inu, batani limeneli si coseweretsa. Mukalidina mwamasewera, mumatsekereza munthu wina amene ali pa bvuto lenileni. Ndinene zoona: kuno kumudzi galimoto ya thandizo ili kutali, ndipo mlatho ukaduka siifika. Woyamba kufika ndi mnansi. Cifukwa cake nambala ya mnansi ndimaiwerengera kwambiri. Ilinso nambala ya ana, 116, ya Linha Fala Criança. Ndi yaulere. Mwana wozunzidwa kapena wosowa thandizo angathe kuimba.

Za moto ndidaphunzira ndekha. Kukamveka za mvula yaikulu ndimachaja foni dzuwa likadalipo. Ndimayatsa Poupança de bateria, imene imacepetsa kudya kwa moto. Ndimazima intaneti, ndimacepetsa kuwala kwa galasi, koma foniyo sindiizima. Foni yongodikira uthenga imakhalitsa. Imene imatha msanga ndi ya mafilimu. Apa foni ya mabatani ya agogo imapambana yanga, cifukwa imakhala masiku angapo osachaja. Mafoni ambiri alinso ndi toci ndi wailesi. Wailesiyo siifuna rede ya foni kapena kredito. Pa mafoni ena imafuna cingwe ca m'makutu, cimene cimagwira nchito ya mlongoti. Rádio Moçambique ya ku Tete imalankhula m'Cinyanja cathu. Kukacita ziphaliwali musagwire foni yolumikizidwa ku magetsi, ndipo musakwere pa culu kapena kubisala pansi pa mtengo. Ine ndidakwera pa culu tsiku lija cifukwa kudalibe mabingu.

Si uthenga uliwonse umene uli woona. Pa WhatsApp pamayenda zithunzi za madzi osefukira a zaka zakale, kapena a maiko ena, anthu nkumati ndi lero. Ine ndikalandira cotere ndimatsegula wailesi, kapena ndimafunsa akulu a sukulu, ndisanauze wina. Cenjezo loona limacokera kwa a INAM, kapena kwa a INGD, amene amaona za ngozi zogwa mwadzidzidzi. Limanena malo ndi tsiku. Silipempha ndalama. Silipempha nambala yacinsinsi ya M-Pesa kapena ya e-Mola. Wopempha zimenezo ndi mbala.

Cidatsala ndi ca agogo aja. Cimeneco sicikonzedwa ndi batani. Macenjezo ambiri olembedwa amabwera m'Cipwitikizi, pamene kunyumba timalankhula Cinyanja. Pa sukulu yathu mwana amayamba kuwerenga m'cilankhulo ca amayi ake, ndipo Cipwitikizi amayamba ndi kucimva ndi kucilankhula. Tsono ndidaganiza kuti mau a ngozi asadikire. Ndimawaphunzitsa m'kalasi yoyamba momwemo, mwa masewera. Ine ndimati, "Aviso!" Ana amayankha, "Cenjezo!" nagwira makutu. Ndikati, "Chuva forte!" amati, "Mvula yamphamvu!" naomba pa madesiki ndi zala. Ndikati, "Cheias!" amati, "Madzi osefukira!" nathamangira ku mbali yokwera ya bwalo. Ciclone ndiye namondwe. Vento ndiye mphepo, ndipo pamenepo ana amaomba ndi pakamwa mpaka kalasi ya aphunzitsi anzanga imadandaula. Lembo la A, loyamba pa Aviso ndi pa Alerta, mwana aliyense amalidziwa. Akaliona pa foni ya agogo, athamange nayo kwa munthu wodziwa kuwerenga.

Timaphunziranso mitundu itatu ya cenjezo la namondwe m'dziko lathu. Azul, mtundu wa thambo, ndiye kuti namondwe angafike pakati pa maola 24 ndi 48. Amarelo, wacikasu, ndiye kuti angafike m'maola 24. Vermelho, wofiira, ndiye kuti kwatsala maola 6, kapena wafika kale. Ana amakonda wofiira, cifukwa ndi umene amathamanga nao. Ine ndimawauza kuti wofunika ndi wa thambo, cifukwa ndi umene umapatsa amayi nthawi yokweza ufa ndi mbeu pamwamba, ndi kumanga makhadi a kucipatala m'pulasitiki.

Makolo, ndikupemphani cinthu cimodzi. Phunzitsani mwana wanu nambala imodzi ya foni, ngati nyimbo. Ikhale yanu, kapena ya mnansi ngati inu mulibe foni. Lolemba lililonse ndimafunsa ana atatu kuti andiimbire. Tsopano ndili ndi kope limene ndidalembamo nambala ya banja lililonse, cifukwa pepala silitha moto.

Kamtsikana kaja kakula. Kayamba kuwerenga Cipwitikizi, ndipo foni ya agogo ikalira ndiko kamayamba kuiona. Agogowo akandipeza panjira amaseka, namati, "Aphunzitsi, lero mwayatsa?" Ine ndimatulutsa foni, ndikuwaonetsa.

Abambo a mbali zonse ziwiri adaika ulalo watsopano wa mitengo itatu. Pafupi nao tidazika cikhomo, ndipo tidacipaka utoto wofiira pamalo pamene anyakwawa adaloza. Madzi akafika pa utotowo, belu sililira, ndipo mudzi wonse ukudziwa kuti belu likapanda kulira mwana asatuluke. M'dzinja ndimadzuka m'bandakuca. Ndimaona foni, kenaka ndimatsikira ku dambo ndi toci. Lero m'mawa madzi adali pansi pa utoto ndi zikhatho ziwiri. Ndidabwerera kumtunda, ndikutenga nyundo.